Tsiku Limene Nachanza Sanatunge Madzi

Panali mayi wina, dzina lake Nachanza, amene ntchito yake inali yotungira madzi amisiri omanga nyumba. Ntchito imeneyi anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Mukudziwa inu mmene pamakhalira pamalo pomanga. Pamakhala mmisiri ndi mpeni wake womangira, pamakhala amuna okanya matope ndi ena operekera njerwa, ndiye kumapeto kwenikweni kumakhala mayi wa ndowa. Mayiyo ndiye amayamba kufika, poti mmisiri sangagwire ntchito mgolo uli wouma. Ndiyenso amatsiriza kuweruka, poti khoma la simenti limafuna kuthiriridwa dzuwa likapendeka. Nyumba ikatha eni ake amaphera mmisiri nkhuku. Mayi wa ndowa amangomva fungo akudutsa, ali pa ulendo wokafuna pena pamene ayamba kukumba maziko.

Kumene ankakhala Nachanza kunali kamsika ka m'mbali mwa msewu wa tala, ndipo kanakula n'kusanduka tauni iye akuona. Magolosale a kumeneko, chigayo, nyumba za lendi, mpanda wa tchalitchi, zonsezo zinamwa madzi a pamutu pake. Akamadutsa ankatha kukuuzani kuti nyumba iyi inamangidwa ndi madzi a kudambo, iyo ndi a pamjigo, ndipo ya uko inang'ambika chifukwa mmisiri wake ankaumira simenti. Koma iye mwini ankagona m'kanyumba ka zidina, ka chipinda chimodzi, kofolera ndi udzu. Mwamuna wake anamwalira kalekale. Mwana wake mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa ku tauni yaikulu, kumene ankapanikizana m'chipinda cha lendi ndi mwamuna wake ndi ana atatu.

Chaka china mavuto awiri anamufikira pamodzi, ngati anachita kupangana. Loyamba linali khosi. Ululu unkayambira kunkhongo, n'kutsika paphewa mpaka zala kuchita dzanzi. Kuchipatala anamuuza kuti akapitiriza kusenza zolemera, tsiku lina dzanja lidzakana kudzuka. Lachiwiri linali ngolo. Eni ngolo za ng'ombe anayamba kubweretsa madzi m'migolo, ulendo umodzi madzi a tsiku lonse, ndipo amisiri amene kale ankamutumira uthenga anayamba kumuyankha kuti, “Mubwere mawa, mayi.” Mawa lakelo silinkafika.

Mwana wake atamva anatumiza mawu oti abwere azidzakhala nawo. Nachanza anayamikira, koma chipindacho ankachidziwa. Akanagona pati, kumapazi kwa mkamwini wake? Anaona kuti kupita kumeneko kunali kukachititsa manyazi mwana wake ndi kukachepetsa chakudya cha adzukulu. Choncho anakhala, mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti miyezi ikubwerayo adzadya chiyani.

Ndiye kunamveka kuti bungwe lina latsegula sukulu ya ntchito zamanja ya anthu akuluakulu, m'shedi yakale ya fodya kumtunda kwa msika. Ankaphunzitsa zomangamanga kwa miyezi isanu ndi umodzi, kwaulere, ndipo womaliza ankapatsidwa zipangizo zoyambira ntchito. Malo anali khumi ndi awiri okha, koma ofuna anali khamu. Nachanza naye anakwera mtundawo, ndowa ili m'manja. Musaganize kuti ankapita kukalembetsa. Zoterozo sizinamufike n'komwe m'mutu. Iye anangoti pamene pali njerwa pafunika madzi, mwina angampatseko ganyu.

Mphunzitsi wa pasukulupo anali a Matewere, mmisiri wopuma ntchito, wa imvi zoti mbuu, wolankhula motsitsa, pensulo ili pakhutu. Anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anamufunsa kuti wakhala pa zomanga zaka zingati. Atamva yankho anachotsa pensulo pakhutu.

“Ndiye mwawaposa onse amene ali pamzerewa,” anatero. “Dzina lanu ndani?”

Nachanza anabwerera kunyumba ali wophunzira, osamvetsa kuti zachitika bwanji. Njira yonse ankaseka yekha, kenako mantha n'kumugwira, kenako n'kusekanso.

Tsiku loyamba aliyense anapatsidwa mpeni womangira, levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma, chingwe, ndi malo ake pansi pa shedi. Mkazi anali iye yekha. Mpeniwo anaulandira ndi manja awiri, n'kuugoneka pansi msangamsanga ngati ukutentha. Panali chifukwa chake. Kale, atangoyamba kumene ganyu yotungayi, mpeni wa mmisiri wina unagwa kuchokera pansanja. Iye anautola, ndipo mwachibwana anatapa matope pang'ono n'kupaka panjerwa, kuti amveko mmene zimakhalira. Mmisiriyo anatsika akukalipa, anamulanda mpeniwo, n'kunena kuti dzanja la mkazi likagwira mpeni khoma limang'ambika. Onse amene analipo anaseka. Linali bodza, ndipo mwina mwini wakeyo ankadziwa kuti ndi bodza, koma linagwira ntchito. Kuchokera tsiku limenelo, mpeni ukagwa pafupi naye, Nachanza ankangoitana mwini wake.

Tsono tsiku loyambalo mgolo wa pasukulu unali wouma. Ngolo sinkafika kumeneko, ndipo mjigo unali kumunsi, kuseri kwa msika. A Matewere anati madzi azitunga mosinthana, lero awiri, mawa awiri. Amuna aja anayang'anizana. Wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Mmene ankamaliza kuyang'anizanako, Nachanza anali atapinda kale nkhata, ali pakati pa mtunda. Paja madzi saiwala khwawa.

Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho. Amene inali nthawi yawo yotunga ankafika n'kupeza mgolo utadzaza kale. Akatha kudzaza mgolo, Nachanza ankanyika njerwa za anzake, ankathandiza uyu kukanya, ankachenjeza uyo kuti matope ake achuluka madzi. Matope ndiye ankawadziwa mayiyu. Ankangomva kulira kwa fosholo n'kudziwa kuti mchenga wachepa. Amuna aja anamukonda kwabasi, ndipo womutama kuposa onse anali a Gwedeza, bambo wa msinkhu wake womwewo, amene anatha zaka makumi atatu ali tenanti m'minda ya fodya n'kubwerako ndi wailesi ndi chifuwa. Anali munthu wapakamwa, wanthabwala, wosaipa mtima.

“Mayi awa ndi mngelo, anthuni!” ankafuula choncho a Gwedeza. “Mulungu akudalitseni, mayi, akupatseni moyo wautali. Komatu madzi atha.”

Dalitso ndi pempho zinkatulukira mpweya umodzi. Nachanza ankangomva dalitsolo, ndipo musamuseke. Zaka zonse zija panalibe mmisiri amene anamuuzapo zikomo. Pano ankathokozedwa kakhumi patsiku, ankatchulidwa dzina, masana ankamuitana kuti adzadye nawo chinangwa. Mtima wake unafunda. Akaweruka, khosi likamawawa, ankalithowa ndi madzi otentha n'kumadziuza kuti wapeza malo abwino.

Amene ankaona zoona anali amayi ogulitsa pamsika, poti njira ya kumjigo inkadutsa pakati pa mabenchi awo. Tsiku lina wogulitsa tomato anamufunsa, “Kodi Nachanza, kusukulu kwanuko akukuphunzitsani kutunga madzi? Nanga si munkadziwa kale?” Nachanza anaseka nawo n'kupitirira, koma funsolo linamutsata mpaka kumtunda.

A Matewere nawo anamuuza kawiri konse kuti asiye ndowa. Iye ankayankha mwaulemu kuti angomaliza ulendo umodzi wokha, ndipo ulendo umodziwo unkabala unzake. Pasukulupo ankamanga ndi matope opanda simenti, ndipo Loweruka lililonse aliyense ankagumula khoma lake, kupala njerwa, n'kuziunjika kuti Lolemba ayambirenso. Nachanza analibe chogumula. Ankapala njerwa za anzake.

Loweruka la mlungu wachinayi, kugumula kusanayambe, a Matewere anamutenga n'kuyenda naye pakati pa makoma aja. Analipo khumi ndi limodzi, ena owongoka, ena opendekera ngati achokera ku mowa.

“Khoma lanu ndi liti, mayi?”

Nachanza anamwetulira. “Onsewa muli madzi anga, aphunzitsi.”

“N'zoona. M'nyumba za m'tauni munonso muli madzi anu. Koma ine ndafunsa khoma lanu.”

Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana malo amene anapatsidwa tsiku loyamba, ndipo anapeza kuti wina anali ataimikapo njinga.

A Matewere anamufotokozera zimene zinali kubwera. Lachisanu lotsatira eni bungwe abwera kudzaona. Wophunzira aliyense adzamanga yekha ngodya ya nyumba, kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa likamafika pamutu ikhale itamufika m'chiuno. Wolephera adzapereka malo kwa ena amene akudikira panja. Lamulolo silinali la a Matewere, koma sanabise kuti akugwirizana nalo.

“Ine sindikufuna kuti muchoke,” anatero. “Koma ndikakusungani pano miyezi isanu ndi umodzi mukutunga madzi, ndiye kuti ndakuberani. Mudzatsika mtunda uwu mmene munakwerera, khosi litatheratu.”

Nachanza ananena zimene anali asanauzepo munthu.

“Maso anga amadziwa, aphunzitsi. Manjawa ndi amene amaopa.”

“N'chifukwa chake timamanga ndi matope. Pano khoma likapotoka salira munthu. Potozani, mayi. Potozani mpaka manja atope nako kuopa.”

Mlungu umenewo Nachanza anayesa. Ankalawira kudzadzaza mgolo anzake asanafike, kuti masana apeze mpata. Koma mpeni sunkamumvera. Matope ankagwera pansi asanafike panjerwa, njerwa zinkakhala chopendekera, ndipo akati awongole imodzi, inzake inkasuntha. Anazindikira kuti kuonerera ntchito zaka makumi awiri si kuigwira. A Matewere ankaima pambali pake, manja ali kumbuyo. “Njerwa siluma,” ankatero. “Ikani, gogodani kawiri, isiyeni. Mukaisisita kwambiri imanyada.” Ndipo nthawi zina inkakhaladi bwino, Nachanza n'kuiyang'ana modabwa.

Aphunzitsi anawakumbutsanso amuna aja za kusinthana kotunga. Onse anavomera ndi mtima wonse, koma palibe amene anapita. Nthawi zonse, dzanja la Nachanza likangoyamba kukhazikika, ankamva mawu aja, “Mayi, Mulungu akudalitseni,” ndipo miyendo inkadzuka yokha. Pofika Lachinayi poweruka anali atakwanitsa mizere itatu, yokhotakhota. Kuti afike m'chiuno pankafunika khumi ndi umodzi.

Lachisanu kunacha ndi dzuwa la mu Okutobala, lija lowotcha kuyambira m'mawa. Alendo a ku bungwe anakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi a Matewere. Mgolo unali wodzaza, poti Nachanza anali atalawira monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo aliyense ankathira madzi mosaumira, mphepo yotentha inkaumitsa matope, ndipo nthawi isanakwane teni koloko chitini chotungira chinagunda pansi pa mgolo.

Nachanza anali pa mzere wachisanu. Anali asanafikepo pamenepo chiyambire. Thukuta linkalowa m'maso, koma njerwa zinali zitayamba kumvera.

“Mayi! Mulungu akudalitseni, madzi atha!”

Nachanza anagoneka mpeni. Anatola ndowa. Thupi linali litatembenukira kale kunjira pamene anacheuka kuti aone ngati wasiya bwino zinthu, ndipo maso ake anagwera pa ngodya ija. Kanali kanthu kakang'ono, kolekeza m'maondo, matope atatulukira m'mbali. Mmisiri weniweni akanaiseka. Koma njerwa iliyonse pamenepo anaiika ndi iye. Anaikonda ngodyayo, mmene anakondera mwana wake tsiku limene anamuona koyamba, wamakwinya, wosaoneka bwino, koma wake.

Anaganizira za ulendowo. Kutsika, kudikira pamzere wa pamjigo, kukwera, kubwereza kasanu kuti onse akwane. Dzuwa likanafika pamutu iye akadali m'njira. Amuna khumi ndi mmodzi akanapambana, akanamudalitsa ndi mtima wonse, ndipo Lolemba pamalo pake pakanaima munthu wina.

Anatembenuza ndowa ija n'kuivundikira pansi. Anaika levulo yake pamwamba pake. Kenako anatolanso mpeni, anakokolola matope amene anatsala, n'kuika njerwa.

Amuna aja anasiya kumanga n'kumuyang'ana.

“Mayi, kodi simunamve?” anafunsa a Gwedeza.

“Ndamva, bambo.” Sanadzutse mutu. “Mjigo uli kuseri kwa msika. Popita n'kotsetsereka.”

Anali asanakanepo munthu chibadwire. Manyazi anamugwira ngati waba. Amuna aja anayamba kung'ung'udza, ena akuti wayamba matama, ena akuyang'ana kwa aphunzitsi kuti alankhulepo. A Matewere ankasongola pensulo. Akanatha kulamula wina kuti akatunge, ndipo madzi akanabwera. Koma ankadziwa kuti ndowa imene munthu wasenza zaka makumi awiri, ukamutula ndiwe, mawa amaisenzanso. Inafunika kutulidwa ndi mwini wake.

A Gwedeza anaponya mpeni pansi. Ngodya yawo inali itatsala mizere iwiri yokha. Anali achangu, monga amakhalira munthu amene milungu isanu sanapondeko kumjigo. Anabwera atakwiya, anaima pamaso pa Nachanza, ndipo anati, “Ndiye ndibwerekeni ndowayo.” Nachanza anachotsa levulo n'kuwapatsa ndi manja awiri.

A Gwedeza anapita, ndipo anachedwa. Matope a Nachanza anatha pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Dothi lotsalalo linali louma gwa. Anaima ndi mpeni m'manja, akuona mthunzi wa shedi ukufupika, ndipo mtima unayamba kumutsutsa. Wadzikuza, wakhumudwitsa anthu amene ankamukonda, ndipo malowo awatayabe basi. Anaganiza za chipinda cha mwana wake chija, ndi mphasa yoyala pafupi ndi chitseko.

Kenako kumunsi kunamveka phokoso. Amayi a pamsika ankaseka ndi kuimba nthungululu. A Gwedeza ankakwera mtunda, ndowa ili pamutu popanda nkhata, ataigwira ndi manja onse, madzi akutayikira kumaso, malaya atanyowa mpaka thalauza. Chifuwa chija chinkalira ngati pampu ya njinga. Pofika pashedi madzi anali atatsala theka. Amuna anathamangira ndi zitini zawo, koma iwo anawakankha ndi chigongono n'kuyenda mpaka pamalo pa Nachanza. Anatula, anapuma kaye, manja ali m'maondo.

“Mayi,” anatero, nthabwala zonse zitawathera, “mtunda umenewu mumakwera kangati patsiku?”

“Kakhumi ndi kawiri. Kukatentha, kakhumi ndi kasanu.”

“Milungu isanu yonseyi?”

“Uno milungu isanu. Mitunda ina, zaka makumi awiri ndi ziwiri.”

A Gwedeza ananyamula ndowa ija n'kukhuthulira madzi onse pa dothi la Nachanza, osasiyako ndi dontho lomwe la ngodya yawo. Kenako anatenga fosholo n'kuyamba kumukanyira. Lamulo linkati aliyense amange yekha, koma za wokanya silinanene kanthu.

Nachanza anaima akuona madzi akulowa m'dothi. Kupatula masiku a chikuta ndi masiku a maliro a mwamuna wake, panalibe munthu amene anamutungirapo madzi kuyambira ali kamtsikana. Anafuna kunena zikomo, mawu amene anali atawamva kambirimbiri milungu imeneyo, koma pakamwa pake anatuluka movutikira, pamodzi ndi misozi. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anatapa matope, n'kubwerera pa mzere wake.

Ndowa sinakhalitse pansi. A Gwedeza anaipereka kwa amene anang'ung'udza kwambiri, ameneyo atabwerako anapatsira mnzake, ndipo amayi a pamsika tsiku limenelo anaseka mpaka nthiti kuwawa.

Dzuwa litafika pamutu a Matewere anayendera ngodya zonse pamodzi ndi alendo aja. A Gwedeza anali atamaliza yawo, malaya akadali onyowa. Ya Nachanza inali yomaliza kuonedwa. Anamuuza kuti aime pambali pake, ndipo mzere wapamwamba unamufika m'chiuno ndendende.

“Mwayi wanu ndinu wamfupi,” anatero a Matewere, alendo n'kuseka. Anagoneka levulo pamwamba, anaiimikanso m'mbali, n'kuyang'anitsitsa. “Mizere iwiri yam'mwambayi yathawa chingwe. Munathamanga. Lolemba tidzayambira pamenepa.”

“Lolemba?”

“Lolemba, mayi. Seveni koloko, nthawi ya amisiri. Musalawire.”

Miyezi isanu ndi umodzi ija anaimaliza. Sanasanduke mmisiri wa nyumba zosanja, ayi. Anayamba ndi ntchito zimene amisiri otchuka amazinyoza, zimbudzi, makhitchini, makola a nkhumba, khonde logumuka ndi mvula. Amayi oyang'anira okha mabanja ankamukonda, poti sankafika ataledzera ndipo sankathawa ntchito ili pakati. Khosi linapuma, dzanzi lija linachepa. Pofika chilimwe chachiwiri anali atawotcha njerwa zake n'kumanga zipinda ziwiri pambali pa kanyumba ka zidina kaja. Anatumiza mawu kwa mwana wake kuti iye sabwerako kudzakhala, koma sukulu ikatsekera adzukulu abwere, malo ogona alipo.

Inu amene mwakhala pano lero, ambiri mwabwera kudzaphunzira ntchito imvi zitayamba kale. Mverani. Kuti umphawi umalanda chakudya, zimenezo aliyense amadziwa. Koma umapatsanso munthu malo oima, m'mbali mwa ntchito ya ena, ndipo ukaimapo nthawi yaitali umayamba kuyesa kuti ndi kwanu. Sukulu ikupatsani mpeni, mphunzitsi akuonetsani kagwiridwe kake. Koma lidzafika tsiku limene chizolowezi chakale chidzakuitanani ndi mawu okoma, dzuwa likukwera, khoma lanu lili m'maondo. Tsiku limenelo musachite manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo inu enanu amene zinthu zimakuyenderani mwachangu, musafulumire kudzitama. Yang'anani amene amakudzazirani mgolo. Ngati pali munthu amene mumamuthokoza tsiku ndi tsiku, kunyumba, kumunda, kaya pano, mawa musanamudalitse kaoneni kaye kuti khoma lake lafika pati.